Chikwapu cha Radim

Magazi anatsika pamwendo wa Bohdana mpaka kulowa m'sokosi yake yoyera. Anyamata amene ankaimba pakhomo anangoti kakasi, nyimbo kufera pakamwa.

Linali Lolemba la Pasaka, tsiku limene anyamata amayenda khomo ndi khomo kukwapula atsikana mosewera ndi pomlázka, chikwapu choluka ndi nthambi zanthete za msondodzi, n'kulandira mazira opaka utoto. Koma Radim sankafuna dzira. Ankafuna kuti Bohdana, mnzake wa m'kalasi, amange kansalu kofiira pachikwapu chake, mudzi wonse uone. Choncho analuka chikwapu chachitali kuposa chitseko cha tchalitchi! Yendani mpaka ku Prague, kwerani sitima muoloke nyanja zonse, chotere simukachipeza. Vuto linali loti chinkawerama, ndiye mnyamatayo analowetsamo waya kuti chiime njo. Nsonga ya wayayo ndi imene inang'amba khungu la Bohdana.

"Iwe Radim, ukumenya ng'ombe kodi?" anafuula Libor, mnzake.

"Ndangomukhudza chabe, aise!"

Mayi Havlová, amayi ake a Bohdana, anatuluka ndi dengu la mazira. Ataona magazi anakwatula chikwapucho n'kuchipinda. Chinakhala chopindika, osabwerera.

"Waya? Mayo ine! Mwana wa a Kučera, waya?" Anamuloza nacho Radim kumaso. "Dzina la chinthu chimene wanyamulachi umalidziwa tanthauzo lake?"

"Pomlázka... ndi chikwapu, mayi."

"Chikwapu cha agogo ako! Linachokera ku pomladit, kubwezera munthu unyamata. Nthambi yaiwisi imapatsira mtsikana mphamvu zake kuti asafote chaka chonse. N'chifukwa chake ngakhale mazirawa timawatchula dzina lomwelo, poti ndi kuthokoza. Nanga waya ampatsira chiyani mwana wanga? Dzimbiri?"



"Pepa, Bohdana," anatero Radim. "Ndimafuna uone kuti changa n'choposa onse."

"Ndaona," anayankha mtsikanayo, n'kulowa m'nyumba akutsimphina.

Belu la masana litalira, zinthu zinatembenuka monga mwa mwambo wa mudziwo. Atsikana anatuluka ndi ndowa za madzi ozizira kusaka anyamata, ndipo aliyense amadziwa kuti mtsikana amathira madzi mnyamata amene akumuwerengera. Anyamata anabalalika akukuwa. Radim yekha sanathawe. Anavula jekete, n'kuima pageti pa a Havlová, mphepo ikumubaya.

Bohdana anatuluka, bandeji ili kumwendo, ndowa yodzaza ndendende ili m'manja. Radim anatsinzina, nakunga mapewa.

Khwaa! Kumbuyo kwake Libor, amene ankadutsa akuthawa, anakuwa ngati nkhumba, madzi akumutsika m'makutu. Radim atatsegula maso, anaona Bohdana akubwerera ndi ndowa yopanda kanthu, osamuyang'ana n'komwe.

Madzulo amenewo anyamata onse ankaotha moto, mano akugundana, akunyadira kuti anyowa. Radim anakhala pakati pawo malaya ali gwa, ouma.