Amene Anamaliza Tsamba la Omwalira

Kwa mkulu wa kampani yokonza webusayiti yathu,

Pa 3 Marichi munalonjeza kuti webusayiti ya bungwe lathu la aphunzitsi opuma pantchito idzatha m'masabata awiri. Sinathe. Pa 24 Marichi munati Lachisanu. Pa 11 Epulo munati, "Mawa, bambo." Pa 2 Meyi foni simunayankhe n'komwe.

Chimene chinkandiwawa mukuchidziwa. Patsamba la mamembala omwalira, pamalo pa chithunzi cha akulu anga, amene anayambitsa bungweli, panali nkhope ya munthu wachilendo imene munangoikapo mongoyembekezera. Alamu anga maso akuwathera, ndipo adokotala anati pofika Juni sadzaonanso. Ankafuna kuwaona amuna awo pamenepo.

Ine zolakwika sinditumiza pafoni. Ndimasindikiza tsamba lililonse, kulichonga ndi cholembera chofiira, n'kulikhomera m'kabati ya mu ofesi yathu. Mwa antchito anu onse, mmodzi yekha ndiye ankabwera kudzatenga mapepalawo, wamagalasi uja. Ankalowa akuseka: "Aphunzitsi, lero ndalephera zingati?" Mu Epulo anasiya kubwera.

Lachitatu lapitali, cha m'ma 9 koloko usiku, ndinabwerera ku ofesiko kukatenga mankhwala amene ndinaiwala. Chitseko chinali chokhoma monga ndinachisiyira. Koma kunsi kwake kunkatuluka kuwala. M'katimo zala zinkagogoda pa kiyibodi. Ndinatsegula.

Wamagalasi anali pampando wanga, atandifulatira. Kabati inali pululu, kiyi wake ali m'thumba mwanga. Mapepala onse anali atayalidwa patebulo. M'chipindamo munkazizira ngati m'firiji.

"Iwe, walowa bwanji muno?"

Sanacheuke. "Latsala limodzi, aphunzitsi."

Mawuwo ankamveka ngati akuchokera kuseri kwa khoma. Pakompyuta panaoneka nkhope ya akulu anga. Ndinayang'ana pagalasi la windo. Ndinaona tebulo, mpando, ndi ine ndemwe. Iye panalibe. Ndinabweza chitseko pang'onopang'ono. Mankhwala ndinawasiya.

Kutacha, webusayiti inali itatha, chilichonse chimene ndinachonga chitakonzedwa. Alamu anasendeza foni kufupi ndi diso nati, "Ndi iwowa. Ndi tayi yawo yomwe ija." Analira. Nanenso ndinalira.

Nditaimba foni kuti ndithokoze, anayankha mlembi wanu. Ananong'ona kuti wamagalasi anamwalira pangozi ya njinga yamoto pa 9 Epulo, ndipo nambala yachinsinsi yolowera mu webusayitiyo ankaidziwa yekha. N'chifukwa chake nonse munkandizemba.

Mukanandiuza zoona, sindikanamutchula waulesi pamaso pa komiti yonse. Pa chimenechi mkwiyo wanga pa inu sunathe. Koma kuthokoza kwanga n'kwakukulu kuposa mkwiyowo, ndipo sindikudziwa kokapereka.

Choncho ndikufuna yankho lolembedwa ndi losainidwa pasanathe masiku asanu ndi awiri. Mulembemo dzina lake lonse ndi kumene kumakhala amayi ake, kuti ndikawathokoze pamaso. Mutumizenso chithunzi chake, chifukwa komiti yagwirizana kuti chikhale patsamba limene anamalizalo. Ndipo mundiuze momveka bwino amene adzachiikepo, popeza nambala ija palibe wamoyo amene akuidziwa.

Ndine,
Mlembi wa bungwe