Esteri ndi Zidina za Abambo

Esteri anali kamtsikana ka ku Mulanje. Ankafuna chinthu chimodzi chokha. Ankafuna kuti mlongo wake Danieli asiye kutsokomola.

Danieli anali wamng'ono. Ankatsokomola m'mawa. Ankatsokomola masana. Khoo! Khoo! Akatsokomola, nthiti zonse zinkaonekera.

Abambo a Esteri ankagwira ntchito ku esiteti ya tiyi. Banja lonse linkakhala ku komboni. Koma abambo ankafuna nyumba yawoyawo. Ankafuna kuimanga kumudzi kwa amayi, kufupi ndi Limbuli.

Akapuma ku ntchito, ankapita kumudziko kukaumba njerwa. Poyamba anaumba zing'onozing'ono. Anaziotcha mu uvuni. Zinatuluka zofiira ngati malaya a ayufi, anyamata a chipani a pamsika. Anthu odutsa ankaima n'kumazisirira.

Koma chifuwa cha Danieli chinkakulirakulira. Abambo anaganiza. Anakhoma chikombole china, chachikulu. Anayamba kuumba zidina.

Zidina saotcha. Zimangouma ndi dzuwa. Zidina za abambo zinali zazikulu. Zinali zonenepa. M'dothi mwake anasakanizamo udzu woduladula.

Esteri ankaponda nawo dothi. Pwata! Pwata!

"Bambo, zidinazi n'zosakongola," anatero Esteri. "Zokongola ndi zofiira zija."

"N'zoona, mayi wanga," anayankha abambo. "Koma khoma lonenepa limasunga kutentha. Danieli akufunika nyumba yofunda."

Abambo anatapako zidina zingapo. Anamumangira Esteri kanyumba ka masanje. Anakafolera ndi udzu. Khomo lake linali laling'ono. Munthu wamkulu ankalowamo chokwawa.

Nyumba yaikulu ija sanaimange. Abambo anadwala. Anapita nawo kuchipatala. Sanabwerere.

Amayi anametedwa tsitsi. Anavala zakuda. Kenaka kunabwera kapitawo wa pa esiteti. Anavula chipewa.

"Pepani, mayi," anatero kapitawo. "Nyumba za ku komboni ndi za ogwira ntchito."

Amayi anamanga katundu. Esteri anabereka Danieli. Anapita kumudzi. Anakakhala kwa amalume a Wyson, mlongo wawo wa amayi.

Nyumba ya amalume inali ya njerwa zootcha. Denga lake linali la malata. Amalume ankainyadira kwambiri.

Kenaka kunabwera Chiperoni, mphepo yozizira ija. Phiri la Mulanje linabisala m'chifunga. Mvula inkangowaza, osaleka. Makoma a nyumba ya amalume anazizira ngati mwala wa mumtsinje. M'mawa, madzi ankadontha kuchokera ku malata. Do! Do!

Amayi anamufunditsa Danieli bulangeti. Anaonjezera chitenje. Anaonjezeranso thumba. Koma mapazi a Danieli anali ozizirabe. Khoo! Khoo! Anasiya kusewera. Anasiya kudya phala.

Tsiku lina kunabwera abambo aang'ono a Bonface. Iwo anali mng'ono wawo wa abambo. Linali tsiku logawa katundu wa malemu.

Akuluakulu anakhala pakhonde. Amayi anakhala pamphasa, atazolika. Patsiku lotere, mkazi wamasiye sayankhula. Amamuyankhulira ndi mlongo wake.

A Bonface anatenga njinga ya abambo. Anatenga jekete la abambo. Kenaka analoza njerwa.

"Milu ndi iwiri," anatero. "Wina utsale ndi ana. Wina upite kwathu. Alamu, sankhani."

"Apa palibe chovuta," anatero amalume a Wyson. "Zofiira zitsale. Ngakhale pamsonkhano wa chipani amatiuza kuti tizimanga nyumba zamakono. Zidina ndi dothi chabe. Mvula ya kuno idzazisungunula ngati shuga."

A Bonface anakwinya nkhope. "Ndiye ine ndinyamule dothi? Kwathu mwamva kuti kulibe dothi?"

"Mwanena nokha kuti tisankhe, alamu."

Esteri anali ataima pafupi, Danieli ali kumsana. Anagwada pansi.

"Amalume," anatero motsitsa mawu, "abambo ankati zidina..."

"Iwe, ana sayankhula pano," anatero amalume. "Pita naye uko mwanayo. Sitikumvana chifukwa cha chifuwa chakecho."

Esteri anayang'ana amayi. Amayi sanadzutse mutu.

Esteri anachokapo. Misozi inasakanikirana ndi mvula. Apite kuti? M'nyumba ya amalume munali mozizira. Panja panali pozizira. Anakumbuka kanyumba ka masanje.

Anagwada, n'kulowa. M'mawa uja anali ataotchamo mbatata. Moto unali utazima kale. Phulusa lokha ndi lomwe linatsala. Koma m'katimo munali mofunda.

Esteri anayala chiguduli. Anamugoneka Danieli pafupi ndi khoma. Anatseka khomo ndi thumba.

Danieli anatsokomola. Khoo! Anatsokomolanso, pang'ono. Kenaka anasiya kunjenjemera. Anatseka maso. Anagona.

Esteri anamvetsera. Anamvetserabe. Chifuwa sichinamvekenso.

Esteri anatuluka. Anathamangira kukhonde. Ulendo uno sanagwade. Anagwira chitenje cha amayi.

"Amayi, tiyeni mukamuone Danieli. Wasiya kutsokomola. Wangoti zii."

Amayi anadzambatuka. Nkhope yawo inasintha.

"Mayo, mwana wanga!"

Amayi ankaganiza kuti Danieli watsatira bambo ake. Anathamanga osavala nsapato. Anaterereka m'matope, n'kudzuka. Anafika pakanyumba paja. Analowa chokwawa.

Anaika khutu pachifuwa cha Danieli. Danieli ankapuma bwinobwino. Amayi anagwira mapazi ake. Mapazi anali ofunda. Anagwira khoma. Khoma linali lofunda.

"Esteri, moto uli kuti?"

"Unazima kalekale, amayi."

"Nanga kufundaku?"

"Ndi zidina. Abambo ankati zimasunga kutentha. Anaumbira Danieli."

Amayi anatsamira mutu kukhoma. Analira. Analira nthawi yaitali. Esteri anakhala pambali pawo. Anangowagwira dzanja.

Akuluakulu onse anali atawatsatira. Anaima panja, pamvula. Amayi anatuluka. M'mawondo munali matope okhaokha.

"Achimwene, mundikhululukire," anatero amayi kwa amalume. "Lero ndiyankhula ndekha. Zidina zitsale."

"Chemwali, anthu adzakuseka."

"Aseke. Ndaika kale munthu mmodzi m'manda. Uyu sindimuika."

"Nanga mvula?" anafunsa amalume. "Khoma likadzakugwerani?"

Esteri anayang'ana kanyumba kake. Amalume sankanama. M'munsi mwa khoma, mvula inali itayamba kale kudya dothi.

Abambo aang'ono a Bonface anawerama. Anasuzumira m'kanyumba muja. Anaona Danieli ali mtulo, kadzanja kali patsaya.

"Achimwene ankagonanso chonchi," anatero. Anapukuta m'maso ndi mkono wa malaya.

Anaimirira. Anayang'ana milu iwiri ija.

"Mvula imayambira pansi kudya khoma," anatero. "Zofiira zina ndisiya. Zikhale za maziko. Zidina zikhale pamwamba pake. Denga likhale la udzu, lotulukira kunja. Madzi azigwera kutali."

Amalume a Wyson anakanda m'mutu. Anang'ung'udza pang'ono.

"Chabwino," anatero. "Mitengo ya denga ndikadula ndine. Koma ndanena."

Chiperoni chinatha. Dzuwa linatuluka. Ntchito inayamba.

A Bonface anayala njerwa zofiira pansi. Anayamba kusanja zidina pamwamba. Amayi ankamweta udzu. Esteri ankatunga madzi. Chidina chimodzi chinali cholemera kwambiri. Esteri sankatha kuchinyamula yekha. Ankanyamula awiri ndi amayi. Amayi uku, Esteri uku.

Pachidina china panali chidindo cha dzanja. Linali dzanja lalikulu. Esteri anaikapo lake. Lake linali laling'ono.

"Amayi, taonani. Dzanja la abambo."

Amayi anayang'ana.

"Chimenecho tichiike kuchipinda," anatero. "Chiyang'ane m'kati."

Anthu odutsa ankaima. Ena ankaseka.

"Mayi a Esteri, mwasiya njerwa zofiira n'kusankha dothi?"

Amayi ankangonyamula chidina china.

Makoma anakwera. Denga linafoleredwa. Amayi anazira pansi. Nyumba inatha. Abambo sanaione nyumbayo. Esteri ankaganiza zimenezi tsiku lililonse.

Kunabwera dzuwa lotentha. M'nyumba munali mozizirira bwino. Kunabwera mvula yamphamvu. Madzi ankagwera kutali ndi khoma. Khoma silinagwe.

Chaka chinatembenuka. Chiperoni chinabweranso. Phiri linabisalanso m'chifunga. Esteri anachita mantha. Ankangomuyang'ana Danieli. Ankangomvetsera.

Danieli anadya phala lonse. Anapempha lina. Anataya bulangeti uko. Anayamba kuthamangathamanga m'nyumba, akulira ngati lole ya tiyi. Vuuu! Vuuu!

"Odi kuno!"

Anali amalume a Wyson. Anali atavala majekete awiri. Mano ankagundana.

"Lowani, achimwene," anatero amayi. "Kwagwanji?"

"Palibe. Ndimangodutsa."

Amalume anakhala pansi. Anatsamira khoma. Anatambasula miyendo. Anavula jekete limodzi.

"Amalume," anatero Esteri, "mukudutsa kupita kuti?"

"Ndaiwala," anatero amalume.

Amayi anabisa nkhope m'chitenje, mapewa akugwedezeka ndi kuseka. Esteri anasekanso. Danieli anakwera pamiyendo ya amalume.

"Amalume, gwirani bwino," anatero Danieli. "Lole ikunyamuka."