Timabotolo ta Mayeso

Lolemba m'mawa, mphunzitsi wa kemisitili anapeza zenera la labotale litathyoledwa. Makompyuta analipo, masikelo odula aja analiponso. Chinasowa ndi thireyi ya timabotolo ta ophunzira a chaka chomaliza, momwe munali mankhwala amene aliyense anapanga pa mayeso. Mphunzitsiyo anali asanachonge mayesowo.

Wapolisi wofufuza, mayi wa mawu ochepa, anati wakuba wosiya kompyuta n'kutola timabotolo sachokera kutali. Anafunsa amene angapindule nazo.

Mphunzitsi anatchula, monyinyirika, wophunzira wina amene anzake ankamutcha Chipewa. Anali atapatsidwa kale malo a digiri yachiwiri ku yunivesite ina, koma phunziro ili linamukhalira pakhosi. Tsiku la mayeso anzake anatulutsa timibulu toyera, iye phala lofiirira. Popanda timabotolo, kalasi yonse ikanayambiranso, iye n'kupeza mwayi wina.

Pansi pa zenera panali banga lakuda lokhala ndi mizere ya zala. Wakubayo anali atagwetsa botolo la mankhwala a siliva ooneka ngati madzi, ndipo mwa chizolowezi cha m'labotale anayamba wapukuta asanathawe. Mphunzitsi anati mankhwalawo amadetsa khungu likaona dzuwa, ndipo sopo sathandiza.

Wapolisi ndi mphunzitsi anamupeza Chipewa masana m'laibulale, manja ali m'thumba.

"Achimwene, tionetseni manja."

"Ndi inki iyi, mayi."

"Inki yokana sopo? Timabotolo tili kuti?"

Tinali m'chikwama pansi pa bedi lake, tonse tosasweka. Anaulula osakakamizidwa. Anati bambo ake anali atalengeza kale kwa abale onse za digiri yachiwiriyo, ndipo iye ankaopa kuti akalephera amulanda malowo. Kufunsa aliyense ankachita manyazi.

Mphunzitsi anamva zonsezi. Zinamupweteka, chifukwa mnyamatayo sanali mbuli.

"Mwana wanga, ukanangobwera ku ofesi," anatero. "Munthu samulanda malo chifukwa cha phunziro limodzi. Ukanalemba mayeso obwereza mwezi wamawa, a ku yunivesite inayo akanakudikira. Koma wothyola labotale palibe angamupatse makiyi a labotale ina."

"Safunsa anadya phula," anatero wapolisi, akumumanga unyolo.

Pokwera galimoto, Chipewa anapempha chinthu chimodzi chokha, kuti bambo ake asawaimbire lero. Wapolisi anayankha kuti anawaimbira kale, ndipo akudikira kupolisi.