Pano Palibe Amayi Ako

Ellah anaterereka pa masamba onyowa a paini, ndipo asanagwire kalikonse anali ali pansi. Chitsa chosongoka chinam'cheka pamsongolo. Anzake a Sitandade 7, amene anali nawo pa ulendo wokaona damu la Mulunguzi, anaima chilili m'kanjirako, chifunga cha mwezi wa Juni chikuwakuta.

"Amayi!" anakuwa Ellah, atatambasulira manja mphunzitsi amene ankatsogolera gululo. "Amayi, ndavulala!"

Mphunzitsiyo, Mayi Likoswe, analidi mayi ake omubereka. Koma chiyambire teremuyo panali lamulo pakati pa awiriwa. Makolo ena a pa sukulu yawo ya mpingo ku Chinamwali anakadandaula kwa ahedi kuti Ellah amakhala nambala wani chifukwa wochonga mayeso ndi make. Mawu amenewo anawalasa mtima Mayi Likoswe, munthu woopa Mulungu amene sanawonjezerepo mwana malikisi. Choncho anauza mwana wawo kuti pa zonse za sukulu aziwaitana kuti Madamu basi.

Atamva kukuwako anabwerera mothamanga, mtima uli m'mwamba. Koma ataona maso a ana onse ali pa iwo, ena atayamba kale kunong'onezana, anaumitsa nkhope.

"Pano palibe amayi ako. Dzuka, kachilonda kakang'ono aka. Brenda, m'bwereke mnzako mpango amangepo."

Ellah anapukuta misozi, nadzuka. Anatsika phiri lonse lija motsimphina.

Madzulo a tsikulo anafika pakhomo la chipinda cha mayi ake, nagwada.

"Madamu, madzi osamba ndaika kubafa."

Mayi Likoswe anaseka. "Iwe, tili kwathu kuno. Umadamu tausiya kusukulu."

"Pepani, Madamu."

M'mawa mwake zinali chimodzimodzi, mkuja wakenso chimodzimodzi. Ntchito zonse ankagwira: kusesa, kutsuka mbale, kukagula matimati kumsika. Mwano panalibe. Koma analeka kuthira mawu ake aang'ono aja pamene mayi ake ayambitsa nyimbo ya kutchalitchi akuchapa. Pa mapemphero a pabanja ankangoti "Ameni" n'kunyamuka. Masokosi ake aatali a sukulu sankawavula mpaka kukagona.

"Mwendo uja uli bwanji?"

"Uli bwino, Madamu."

"Ndi zachibwana izi, zitha zokha," anadziuza Mayi Likoswe. Komabe mawuwo ankawazizira m'khutu ngati mphepo ya kuphiri.

Lachinayi la sabata yotsatira linali ndi phunziro la Baibulo, lomwe iwo ankalikonda kuposa onse. Tsikulo ankaphunzitsa za pemphero.

"Ana inu, tasuzumirani pawindo," anatero akuloza phiri la Zomba. "Amene anaimika chiphiri chonsecho akutilola ife, fumbi lachabechabe, kumuitana kuti Atate. Sananene kuti tizimuti Bwana ayi. Ndipo alibe nthawi yoti lero watseka. Kumunda, mu minibasi, kuchipatala, ukangoitana wamva."

"Ngakhale pa mayeso a masamu, Madamu?" anafunsa Brenda. "Chifukwa ine ndimaitana, koma mayankho sabwera."

Kalasi yonse inafa nacho chiseko, ndipo Madamu nawo anaseka. "Amayankha amene anawerenga, mwana iwe. Pali funso lina?"

Kumbuyo kunakwera dzanja pang'onopang'ono. Anali Ellah. Anaimirira atagwira desiki ndi manja onse awiri.

"Madamu, nanga Iyeyo akakhala pa ntchito, anthu akumuyang'ana, timamuitana kuti chiyani?"

Ana awiri atatu anayamba kuseka, koma anasiyira panjira. Munalibe chipongwe m'mawu a Ellah. Ankafunsadi.

Kwa nthawi yoyamba sabata yonseyo Mayi Likoswe anamuyang'anitsitsa mwana wawo. Kunja kunkazizira moti ana onse anali m'majuzi, koma pachipumi pa Ellah panali thukuta. Milomo inali itauma, ndipo phazi lakumanzere silinkaponda pansi.

Anaika choko patebulo, nadutsa pakati pa madesiki. Atafika, anagwada pa simenti, ana makumi asanu ndi limodzi akuonerera, nayamba kutsitsa sokosi ija. Inali itamatirira. Ellah analuma mlomo. Mwendo unali utatupa mpaka kuwala, chilonda chitachita mafinya, mpango wa Brenda uja ukadali pomwepo.

"Mwana wanga! Bwanji sunanene?"

"Ndimafuna ndiwauze amayi," anayankha Ellah motsitsa mawu, "koma sindimadziwa kuti ndiwapeza nthawi yanji."

Mayi Likoswe anaweramitsa mutu. Anakumbukira manja aja atatambasulidwa m'chifunga, ndi mmene iwo anayang'anira nkhope za ana a eni m'malo moyang'ana magazi a mwana wawo. Anali atateteza dzina lawo, mwana n'kumusiya yekha. Misozi inagwera pa nsapato ya Ellah.

"Ndinakulakwira, Ellah. Ndinaopa pakamwa pa anthu. Undikhululukire."

M'kalasimo munalibe ndi mmodzi yemwe amene anaonapo munthu wamkulu akupepesa mwana chogwada. Brenda anayamba kufwenthera m'juzi.

Mayi Likoswe anatulutsa chitenje m'chikwama chawo, nawerama. "Kwera."

"Ndakula, anzanga andiseka."

"Aseke. Kwera."

Anam'bereka mtsikana wa zaka khumi ndi ziwiri, miyendo ikulendewera mpaka m'mawondo mwawo. Palibe anaseka. Thupi lake linkatentha kumsana kwawo ngati mbaula, ndipo pang'onopang'ono anamva mutu wake ukutsamira paphewa pawo.

Pakhonde la ofesi anakumana ndi ahedi, Bambo Makwinja, atanyamula kaundula.

"Madamu Likoswe, kwagwanji? Nanga kalasi mwaisiyira yani?"

"Mwanayu ndikupita naye kuchipatala, ahedi."

Ahedi anayang'ana mwendowo, nagwira pakamwa. Kenako anatsitsa mawu. "Bwanji titume wina amuperekeze? Mukuwadziwa makolo athu aja. Mawa adzati mwasiya ana awo chifukwa cha wanu."

"Akadzatero mudzawauze kuti n'zoona," anayankha Mayi Likoswe akumangitsa chitenje pachifuwa. "Akanakhala wawo ndikanam'berekanso chomwechi. Koma uyu ndachedwa naye kale masiku asanu ndi limodzi."

Bambo Makwinja anapachika kaundula m'khwapa, nalunjika okha ku Sitandade 7. Mayi Likoswe anatuluka pageti, naimika wakabaza woyamba amene anatulukira pamsewu.