Dzanja la pa Botolo

Mwamva zomwe anthu akunong'onezana mumsewu mwathu? Akuti Kapenti, mtsikana uja amajambula zikwangwani pashopu yosindikiza makadi, wasiya kujambula manja. Mitengo amajambula, nkhuku amajambula, koma ukangoti dzanja, amakuuza kuti ukayese kwina. Ena akuti wayamba matama. Bodza! Khalani pansi mumve.

Tsiku lina pashopupo panafika mnzake wa achimwene ake a Kapenti, mnyamata wamtali, malaya akununkhira chimera. Anzake amamutcha Thovu, chifukwa Loweruka likakwana amadzitsekera m'galaja n'kumafulula mowa, osati wogulitsa ayi, wongomwa ndi anzake.

"Ndikufuna chizindikiro cha pamabotolo anga," anatero Thovu. "Chioneke chachikalekale, ngati chosemedwa pathabwa la khola. Manja awiri atagwira chikho chimodzi, la mwamuna ndi la mkazi."

"La mkaziyo likhale lotani?"

Thovu anayang'ana zala za Kapenti zothimbirira penti, n'kumwetulira. "Ngati lakoli. Dzanja lokongola chonchi ndikalipezanso kuti?"

Mayo ine! Mtima wa mwana wamkazi unangoti phwii.

Chibwenzi chinayambira pomwepo. Kapenti anaika dzanja lake lamanzere patebulo, n'kulijambula ndi lamanja, mzere ndi mzere. Atatumiza chithunzicho, foni inalira.

"Duwa langa, wandipha! Tsiku lotsegula botolo loyamba ndidzakuimika pamaso pa anzanga, ndidzati mkazi wanga ndi uyu."

Mawa lake inaliranso. "Wapamtima, zala zatalika. Tazifupikitsa pang'ono."

Anafupikitsa.

"Shuga wanga, zikhadabo zikhale zazitali."

Zikhadabo za Kapenti n'zazifupi, penti inazidya kalekale. Koma anatalikitsa. Kodi munthu ukakonda umafunsa zambiri?

Anafufuta, anajambula, anafufutanso, mpaka pepala kubooka. Maso ankawawa, msana osanena. Nthawi ya nkhomaliro anzake akudya, iye ali weramu ndi pensulo. Abwana anamukalipira kawiri chifukwa zikwangwani za makasitomala zinaima.

Kenako kunabwera uthenga wina. "Bebi, komaliza. Ika kachipsera pachala chachikulu, kuti lioneke dzanja logwira ntchito, lachimidzimidzi."

Mayi wa pamakina osindikizira anasuzumira papepalapo, n'kuyang'ana dzanja la Kapenti. "Mwana iwe, dzanja ukujambulali ukulidziwa mwini wake?"

"Ndi luso chabe, anti."

"Luso? Chabwino. Ife maso athu ndi okalamba."

Malebulo a pamabotolo aja atasindikizidwa, Thovu anati adzawatenga yekha. Koma Kapenti anafuna kumudzidzimutsa. Anadzola mafuta, anakwecha penti m'zala, n'kunyamula malebulowo, ulendo wa kugalaja.

Chitseko chinali chotsegula. Ndowa zili mbwee, mapaipi ali pansi, fungo la chimera lili guu. Pakona panakhala mtsikana wina wamfupi, akutsuka mabotolo m'beseni.

"Odi, Thovu alipo?"

"Ali kuseri. Ee, ndinu ojambula aja? Mlongo wa mnzawo uja? Bweretsani tione, asisi!"

Mtsikanayo anapukuta m'manja n'kutambasula dzanja. Zala zazifupi. Zikhadabo zazitali. Pachala chachikulu, kachipsera.

Kapenti anamupatsa lebulo limodzi.

"Mwalitha, asisi!" mtsikanayo anakuwa, akuyerekeza lebulo ndi dzanja lake. "Mpaka chipsera! Botolo linandicheka pomwe pano, tikufulula mowa woyamba. Ndinawauza a Thovu kuti dzanja la poyamba lija silinali langa, akonze. Uwutu ndi mowa wa paukwati wathu. Mudzabwere, mwamva?"

Thovu anatulukira ndi paipi m'manja, madzi akutuluka. Atamuona Kapenti, mnyamatayo anauma, madzi n'kumathira nsapato zake.

"Aa... mlongo, wabwera?"

Mlongo! Duwa lija, shuga uja, lero wasanduka mlongo?

Mukuganiza kuti anakuwa? Kuti anaswa mabotolo? Ayi. Analibe mphamvu.

"Ndabwera," anatero. "Ndapitanso."

Anayenda osatembenuka mpaka kushopu. Anti aja atamuona anangomukokera mpando. Kapenti anakhala, akuyang'ana dzanja lake lokwechedwa bwino lija, lopanda penti, lopanda chipsera.

Foni inalira.

"Usakwiye duwa langa, ndidzakufotokozera zonse, mtima wanga uli kwa iwe. Koma akuti pachala pakusowa mphete. Ndi kamzere kamodzi kokha, wapamtima."

Kapenti anawerenga, n'kuvundikira foniyo patebulo. Pensulo anaiponya m'dirowa, n'kutseka. Mpaka lero akuti chala chija chilibe mphete, ndipo Thovu akuzungulira mashopu kufuna woti amalizitse.

Ndiye amene mukuti Kapenti wayamba matama, tandiuzani: mukanakhala inu, mpheteyo mukanaijambula?