Zigoba Zoyang'ana Kukhoma

Lachiwiri m'mawa, kutatsala milungu iwiri kuti chikondwerero cha magule cha kanivalo chiyambe mumzinda wa La Vega, zigoba zovala kumaso khumi ndi zinayi, za ziwanda zanyanga zopangidwa ndi mapepala, zimene Eladio Ventura anapachika kuti ziume zinapezeka zitatembenukira kukhoma, penti atamatirira panjerwa.

"Wayambiranso chamba chija, eti?" anafunsa Nereida, mlongo wake wamkulu, amene ankamusunga.

"Miyezi isanu sindinasute, achemwali. Mowa wa ramu ndiye ndinaiwala ndi fungo lomwe."

"Zikatembenukanso, ndikakutula kuchipatala. Ababa anayambanso chonchi."

Eladio ankadwala matenda a maganizo omwe anadwala bambo awo. Chovuta chake chinali nkhope: munthu akadabwa, akaopa kapena akatopa, iye ankangoona mkwiyo. Adokotala anamupatsa zithunzi za nkhope kuti aziyeserera, koma ankalephera zambiri.

Lachitatu zigoba zinatembenukanso. Oyandikana nawo anayamba kunong'ona kuti malemu bambo awo, amene anayambitsa ntchito yopanga zigobayi, sakufuna ziwanda zawo zivine chaka chino. Eladio sankaopa malemu. Ankaopa manja ake, kuti mwina amadzuka osadziwa.

Usiku wachitatu anamangirira mwendo wake kubedi ndi chingwe, nasiya chitseko chotsekula pang'ono. Magetsi anali atazima m'dera lonse. Patali jenereta inkalira, kenaka nayo inatsokomola n'kukhala chete. Ndipo anamva msomali ukulira m'khoma pang'onopang'ono, nyanga ya pepala ikukhula njerwa. Patapita kanthawi, msomali wina.

Anagwira mwendo wake. Mfundo inalipo. Mtima wake unagunda ndi chimwemwe chimene sanachiyembekezere: sanali iye.

Anamasula chingwe, nayenda chokwawa, nayatsa tochi.

Nereida anaima opanda nsapato, chigoba chofiira chili m'manja, mpweya wake ukununkha ramu. Anamuyang'ana ndi maso otong'oka. Eladio anabwerera m'mbuyo, poganiza kuti wakwiyiridwa. Kenaka anachita zimene adokotala anamuphunzitsa, kuyang'ana chimodzichimodzi. Nsidze zakwera, sizinatsike. Milomo yakokedwa m'mbali, sinalumane.

"Achemwali," ananong'ona mokondwa, "simunakwiye. Mukuopa. Ndalondola, eti? Mukuopa."

"Zimitsa tochi," anatero Nereida. "Akutiona."

"Ndani?"

"Onsewa. Andikwiyira. Sabata yonse akundiyang'ana chonchi, ngakhale ndimwe bwanji kuti ndigone."

Eladio anaunikira chigobacho. Anachipanga yekha, ndipo anachipanga chikuseka, kukamwa kofika m'makutu.

"Ichi chikuseka, achemwali."

Nereida anachiyang'anitsitsa nthawi yaitali, nayang'ananso Eladio.

"Nanga iwe wandikwiyiranji?" anafunsa motsitsa mawu.

Kutacha anapitadi kuchipatala awiriwiri. Eladio ndi amene anabwerako yekha madzulo, ndipo makiyi a nyumba tsopano amasunga ndi iye.