Mzukwa Wokondedwa ndi Nyerere

Boma litalengeza kuti dziko lili pa ngozi, n'kuletsa amalonda kukweza mitengo, shuga anasowa m'masitolo monse ngati wachita kusesedwa. Sabata yomweyo, siling'i ya chipinda chimene telala wina wamkazi ankachita lendi kuseri kwa golosale inayamba kutupa pakati.

Usiku magetsi akazima, kudengako kunkamveka chinthu cholemera chikukhwekhwerezedwa pang'onopang'ono, kenako kupuma kwa wefuwefu, kenako zii. Matabwa ankalira ngati mawondo a nkhalamba. Kukacha, pabulangete pankapezeka timchenga toyera.

Eninyumba, omwenso anali eni golosaleyo, anapukusa mutu atauzidwa.

"Munafera munthu mmenemo kalekale," ananong'ona. "Osasuzumirako, mayi. Amene anayesa anauma khosi."

Mwamuna wa telalayo tulo tinamuthawa. Phokoso litapitirira kukula, anati atenge ndalama zimene anasungira chakudya cha nyengo yovutayi, akapatse mneneri wina wothamangitsa mizimu. Mneneriyo naye anali atakweza mtengo, poti lamulo la boma silinatchule za mizimu.

"Bambo, tadikirani kuche," anatero mkaziyo. "Mzukwawu sunatilipiritse kanthu mpaka lero. Mneneri ndiye akufuna zonse."

Usiku umenewo kupuma kuja kunafika pamwamba penipeni pa bedi. Thabwa linati phwa, timchenga n'kuthothokera pankhope ya telalayo mumdimamo. Anangoti gwa. Kamchenga kena kanagwera pamlomo, lilime n'kunyambita lokha. Kanali kotsekemera.

Kutacha anaona nyerere zitandanda pakhoma kulowera kudenga. Anakwera patebulo la makina osokera, n'kukankha thabwa lija. Matumba a shuga anali mbwee mpaka kumalata. Eninyumba ankawalowetsa kuchokera mbali ya golosale, poti denga linali limodzi, kudikira tsiku limene mitengo idzamasulidwe.

Telalayo anatsika, n'kuzungulira kukauntala.

"Bwana, malemu anu aja ndawaona. Ndi okoma ndithu. Ndiitane oyendera mitengo adzawanyamule, kapena muwatsitsa nokha?"

Eninyumba anayang'ana pansi, n'kufunsa ngati telalayo angawagwirireko makwerero.

Pofika masana mzere unali utafika kumsewu, shuga akugulidwa pa mtengo wa boma. Ndalama za chakudya zinakhala pamene zinali. Mwamuna wa telala uja anagona tulo tofa nato, mkonono uli pakamwa, moti oyandikana nawo akuti tsiku limenelo m'pamene anamvadi chinthu choopsa.